Ku Senoia, akufa ndiye anaukitsa tauni

Ngati munatambako The Walking Dead, kaya pa DStv, kaya pa tuma DVD tuja twa mu town twamene season yonse imapanikizana pa disc imodzi, kaya pa flash ya mnzanu wa ku nchito, ndiye kuti mseu waukulu wa Senoia muudziwa kale. Dzina chabe ndiye simunali kulidziwa. Ni paja Governor anali kuyendayenda monga mfumu, anthu ake akumwa tozizila, kunja kwa geti mitembo ikukwekweleza mapazi. Mu filimu malo aja ni Woodbury. Pa mapu ni Senoia, ka tauni ka mu Coweta County, mu state ya Georgia ku America, pafupifupi makilomita 60 kumwela kwa Atlanta. Eni ake "a" wothela amamumeza, amati Senoy. Mukangokamba ati Se-no-ya, adziwa kale kuti ndimwe alendo, ndipo adziwa na chimene chakubweletsani.

Ni ka malo kang'ono zoona. Pa census ya 2010 munali anthu 3,307. Pa ya 2020 anafika 5,016. Onse pamodzi na makanda awo sangadzaze olo mbali imodzi ya Heroes Stadium. Koma kwa zaka zopitilila khumi ka tauni aka kakhala kakulandila alendo ochokela kutali, ena atavala chisote cha Rick, ena atadzipaka magazi a penti, onse akufuna kuponda pamene anaponda anthu amene kulibe.

Kwa imwe amene simunaitambe, muliko tikudziwani, amene mumati ma filimu a ziwanda salowa mu nyumba mwanu, nkhani yake ni iyi. Wapolisi wina, Rick Grimes, amulasa mfuti pa nchito, agona mu chipatala osadziwa kanthu. Pouka apeza dziko lasila. Akufa akuyenda, akudya amoyo, ndipo akakuluma nawe wapita. Nkhani iyi siinayambile pa TV. Inayamba pa pepala mu October 2003, monga comic, tumabuku twa zithunzi twa black and white, wolemba Robert Kirkman. Tony Moore anajambula tumabuku 6 toyamba, Charlie Adlard anatenga kuyambila nambala 7 mpaka kumapeto. TV inabwela kumbuyo, pa 31 October 2010, pa channel ya AMC. Kuchokela tsiku limenelo ma fans anagawikana pawili: a buku na a TV. A buku amayenda na ka matama ka munthu amene anaona mpila ku stadium pamene imwe munamvela pa wailesi. A TV amati ife tinaona misozi yeniyeni, imwe munaona inki.

Ine ndine wa TV. Msuweni wanga, amene asebenza ku Atlanta ndipo ndiye anali na motoka, ni wa buku, uja woipilatu. Ali na mabuku anayi aakulu mwamene anasonkhanitsa comic yonse, lililonse lolema monga njelwa. So ulendo wathu unali wa mkangano kuchoka pa geti.

Tinayambila mu Atlanta mwamene, pa Jackson Street Bridge, chifukwa ndiye malo okha amene magulu awili aya agwilizana. Mukaimilila pa ulalo uja muona mseu waukulu ukulowa mu mzinda, nyumba zitalizitali kutsogolo. Ni chithunzi chija cha pa cover ya season 1: Rick pa hachi, yekhayekha, mbali ina ya mseu yadzala ma motoka a anthu amene anali kuthawa koma sanafike. Mu comic namo Rick alowa mu Atlanta pa hachi, ndipo hachi amaidya. Ma motoka akufa aja anawaikamo na kompyuta. Tsiku lamene tinafika mseu unali wamoyo, traffic monga Great East Road pa 17 hours, ndipo pa ulalo panali ka mzele ka anthu oyembekeza kujambulitsa, ena a zombie, ena a ukwati chabe amene afuna mzinda kumbuyo kwawo.

Kupita ku Senoia kufuna motoka. Sitima ya mu mzinda, MARTA, imathela pa airport, ndipo kulibe ka minibus kamene conductor azakuitanani ati Senoia mmodzi. Mutenga I-85 kupita kumwela, mupatuka kulowa mseu wa 74, mupita mu Peachtree City kwamene agogo na ana a sukulu amayenda pa tuma golf cart monga ni njinga. Kuchoka apo mzinda wasila. Dothi lofiila monga la kwathu, mitengo ya paini, na chomela china choyanga chamene amachitcha kudzu, chimene chimakwela pa mitengo, pa ma pole a malaiti, pa nyumba zosiyidwa, mpaka zonse zioneke monga zafunda bulangeti yobiliwila. Mukaona kudzu mumvetsa chifukwa chake Georgia inakwana filimu ya kutha kwa dziko. Thengo la kuja silichedwa kutenga malo amene munthu wasiya.

Ola limodzi lisanakwane tinali pa Main Street. Mseu umodzi wotsetseleka, nyumba za njelwa uku na uku, thanki ya madzi pamwamba, njanji kumunsi. Paukhondo mochititsa manyazi. Chodabwitsa ni chakuti zina mwa nyumba zooneka zakale zija si zakale iyayi. Kumayambililo kwa zaka za 2000 tauni iyi inali itagona, ma shop otsegula owelengeka na zala. Kampani ina ya komweko, yogwilizana na eni a studio ya ma filimu imene ili kunja kwa tauni, inayamba kugula ma plot opanda kanthu na kumangapo nyumba zatsopano zooneka monga za zaka 100 zapita, dala, kuti opanga ma filimu azikopeka. Mu 2008 boma la Georgia linaika lamulo lakuti wopanga filimu mu state imeneyi abwezeledwe 20 percent ya ndalama zake kudzela mu msonkho, na 10 percent ina pamwamba ngati aika ka chizindikilo ka pichesi kumapeto kwa filimu. Ka pichesi kaja mumakaona ma credits akasila, ngati simunazimye kale. Ndiko kanakoka ma zombie. Pofika season 3, mu 2012, Main Street inasanduka Woodbury, anaika ma tayala na malata kumapeto kwa mseu monga geti, ndipo alendo anayamba kubwela. Mu 2017 AMC inagula studio ija yonse. Ndende imene Rick na anzake anakhalamo siinali ndende yeniyeni, anaimanga pa studio pomwepo.

Apa ndiye msuweni anayamba. Ati Woodbury yamene ukuona iwe ni ya ana. Mu buku, Governor si mwamuna wooneka bwino wa mau okoma monga David Morrissey. Ni chilombo kuyambila tsiku loyamba, ndipo Rick atangofika amudula dzanja lamanja, mu nambala 28. Kuchoka apo mpaka kumapeto Rick wa mu buku ni wa dzanja limodzi. A TV anakana kuchita zimenezo mu ma season onse 11, ndipo a buku anadandaula zaka na zaka ati mwaopa. Koma Kirkman mwine wake anavomela poyela kuti kudula dzanja lija kunamuvutitsa kutsogolo, chifukwa munthu wamkulu wa nkhani sangamange olo batani la shati. Pa ichi ine nili kumbali ya TV. Governor womwetulila, amene akupatsa chakudya na bedi pamene mu chipinda chake asunga mitu ya anthu mu ma tank a nsomba, ni woopsa kupambana uja wooneka chilombo. Wachilombo umathawa ukali kutali. Womwetulila umamuvotela.

Koma pa nkhani ya Andrea ninakhala chete, chifukwa apo a buku ali na mlandu wabwino. Mu comic Andrea ni katswili wa mfuti, mkazi wolimba, amene akhala moyo mpaka nambala 167 ndipo ndiye akhala mkazi wa Rick. Pa TV anamusandutsa chibwenzi cha Governor, mkazi wosamva zokamba anzake, ndipo anamupha kumapeto kwa season 3 mu 2013. Woodbury yamene iyi ndiye inamudya. A TV ambili anasekela tsiku limenelo, ati wapita wovuta. A buku analila, osati chifukwa wafa, koma chifukwa amene anafa sanali Andrea wawo.

Pa Main Street pali shop yochedwa The Woodbury Shoppe, yogulitsa za filimu iyi chabe, ndipo pansi pake pali ka museum ka zinthu zimene anasebenzetsa pojambula. Mukalowa, nkhope imene ikulandilani kulikonse ni ya Daryl Dixon: pa T-shirt, pa kapu, pa key holder, na uta wake pa phewa, tsitsi losasamba. Manje nayi nkhani imene imawawa a buku kupambana zonse: Daryl mu comic mulibe. Olo tsamba limodzi. Anamupangila TV chabe, opanga filimu atakonda Norman Reedus. Munthu amene Kirkman sanamulembe mu buku ndiye anakhala wokondedwa kupambana onse, kufika pakuti ma fans anali kuvala malaya olembedwa kuti Daryl akafa tizaononga zinthu. Ndipo opanga filimu anamva. Anapha pafupifupi aliyense, koma Daryl sanamukhudze. Msuweni amati apo ndiye TV inagulitsa mzimu wake, chifukwa lamulo la buku linali lakuti palibe wotetezeka. Ine nimati mwina, koma yang'ana amene akulipila lendi ya shop ino.

Carol naye chimodzimodzi. Mu buku ni mkazi wosweka mtima amene afa msanga, ku ndende. Pa TV anayamba monga mai womenyedwa na mwamuna wake, wosakweza mutu, ndipo anasila ali munthu woopsa kupambana amuna onse a mu gulu. Funsani azimai amene amatamba filimu iyi kuti wawo ni ndani. Apo TV inaposa buku, ndipo olo msuweni anangoti mmm.

Mukatsika Main Street na kuwoloka njanji, mamineti ochepa chabe pa mapazi, mwafika ku Alexandria. Mu nkhani, kuchoka ku Woodbury kufika ku Alexandria ni ulendo wa makilomita mahandiledi, kuchoka Georgia mpaka Virginia pafupi na Washington, anthu akufa na njala pa njila. Pa dziko lenileni mungatume mwana kukagula machisi. Malowa amachedwa Gin Property, chifukwa kudala panali ginnery ya thonje, monga aja a ku Chipata. Anamangapo nyumba zodula, za njelwa, ndipo kuyambila season 5 anazizungulila na mpanda wa malata a dzimbili, wotalika pafupifupi mamita anayi na hafu.

Chimene ambili sadziwa ni chakuti mkati mwa mpanda uja munali kukhala anthu enieni. Mabanja, na ana, na agalu awo. Anali kulowa na kutuluka mwa malamulo a kampani ya filimu, alonda pa geti, malaiti owala na phokoso la mfuti pakati pa usiku, ma fans kunja akuyesa kusuzumila pa mipata. Ena okhala pafupi anadandaula ati tinagula nyumba kuti tizipenya mitengo, manje tikupenya malata. Ise a ku Lusaka wall fence siitidabwitsa, takulila kumbuyo kwake kapena kunja kwake. Koma tangoganizani kulipila ndalama za ku mayadi kuti mukhale mu yadi ya malata a dzimbili monga garage ya ku Chawama. Filimu itasila mu 2022 mpanda anaupasula. Manje ni mseu chabe wa nyumba zabwino, maluwa pa khonde, ma motoka oyela. Muimilila pamenepo mukusakila geti pamene Negan anagogoda na ndodo yake, koma palibe. Nyumba zili na eni, so mujambula muli pa mseu, osaponda kapinga wa munthu.

Paja mu filimu, mlendo akafika ku Alexandria, mtsogoleli wawo Deanna anali kumukhazika pa mpando, kuyatsa kamera, na kumufunsa mafunso asanamulole kukhala. Msuweni anaseka ati ni visa interview. Ndipo si nthabwala kwenikweni: mu August 2025 boma la America linayamba na Zambia na Malawi pa lamulo lakuti ofuna visa ya alendo azisiya chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000. So ngati mwaika Senoia pa list yanu, dziwani kuti mpanda wa malata unagwa koma wina ukalipo.

Ni pa mseu wa Alexandria pamene mkangano wathu unafika pa Carl, ndipo apa ndiye pali bala lenileni. Carl ni mwana wa Rick. Chandler Riggs, mwana wa ku Georgia komweko, anayamba kusewela Carl ali na zaka khumi, ndipo tinamuona akukula pa screen, mau akusintha, tsitsi likutalika pansi pa chisote cha atate ake. Mu December 2017 anakweza shati na kuonetsa kuti walumidwa. Mu February 2018 anafa. A TV anakalipa chifukwa anali mwana wa pa nyumba. A buku anakalipa kawili, chifukwa mu comic Carl safa. Nkhani yonse ni yake. Zonse zimene Rick achita, kupha, kunama, kuluma munthu pa khosi, achita kuti mwana uyu akule. Mukachotsa mwana, tate uja akuvutikila ndani? Anthu masauzande anasaina pempho lakuti Scott Gimple, amene anali kutsogolela filimu nthawi imeneyo, amuchotse nchito. Chaka chomwecho, mu November 2018, Andrew Lincoln wosewela Rick naye anachoka, kubwelela ku banja lake ku England. Kwa ine filimu inasilila pamenepo, olo kuti inapitiliza zaka zina zinayi. Tsiku limenelo ndiye loyamba a buku na a TV kukhala pa malilo amodzi.

Njala itatigwila tinabwelela ku Main Street, ku Nic & Norman's, malo odyela amene anatsegulidwa mu 2016 na Norman Reedus pamodzi na Greg Nicotero. Nicotero ndiye mkulu wa make-up, amene anali kupanga nkhope zowola zija, ndipo ndiye anali director wa episode imene inathamangitsa anthu ambili kupambana ina iliyonse. Mudya burger mu nyumba ya munthu amene anakuonetsani mutu wa Glenn ukuphwanyika. Ketchup muiyang'ana kawili.

Muikumbuka. Season 6 inasila mu April 2016 Negan atagwaditsa gulu lonse, akusankha womupha na Lucille, ndodo yake ya baseball yokulungidwa waya waminga. Kamera inazima osationetsa kuti ni ndani. Miyezi isanu na umodzi anthu akuyembekeza, okalipa, ati mwatisewela. Pa 23 October 2016 anayankha: Abraham, kenaka Glenn. Anthu 17 million anatamba usiku umenewo ku America chabe. Mulungu wotsatila mamiliyoni angapo sanabwelele, ndipo chiwelengelo chinayamba kutsika kuchoka apo. Pachimake, pa kuyamba kwa season 5 mu 2014, anali 17.3 million, pafupifupi Zambia yonse kukhala pansi kutamba chinthu chimodzi. Pa episode yothela, ya nambala 177, pa 20 November 2022, otamba pa TV usiku umenewo sanakwane olo 3 million.

Manje chosekesa ni ichi. Imfa ya Glenn ndiye pamene TV inatsatila buku mokhulupilika kupambana pena paliponse, mpaka na diso lotuluka lija. Zinali mu nambala 100, mu July 2012. A buku anadziwa zaka zinayi pasadakhale, ndipo ena anali kuyenda na chinsinsi chimenecho monga mfiti, kumwetulila chabe mukakamba ati Glenn na Maggie azakalamba pamodzi. Zaka zonse anali kulila ati tsatilani buku, tsatilani buku. Tsiku lamene anatsatila, nyumba inapsa. Nimaona kuti chifukwa chake n'chosavuta. Pa pepala magazi ni inki yakuda, ndipo mukatopa mutembenuza tsamba. Pa TV ni Steven Yeun, munthu amene mwakhala naye mu sitting room zaka zisanu na chimodzi, akuyesa kutchula dzina la mkazi wake wapakati. Simungatembenuze. Ndiponso chaka chimodzi kumbuyo anali atatinamiza kale kuti Glenn wafa, kenaka anatuluka pansi pa chibini cha zinyalala ali bwinobwino. Munthu ukamuliza malilo abodza, a zoona akabwela amakukwiyila iwe, osati imfa.

Pamene tinagwilizana popanda kukangana ni pa Michonne. Mu buku anatulukila mu nambala 19, na lupanga, akukoka akufa awili pa unyolo, opanda manja na nsagwada. Pa TV analowa chimodzimodzi, ndipo amene anamusewela kuyambila 2012 ni wa pafupi na kwathu. Danai Gurira anabadwila ku Iowa mu 1978, koma makolo ake ni a ku Zimbabwe, ndipo anakulila ku Harare kuyambila ali na zaka zisanu. Ni uja Okoye wa mu Black Panther, ndiponso ni wolemba masewelo a pa stage. Kuyenda pa mseu wa ka tauni ka kumwela kwa America, kwamene kudala anthu akuda anali kutyola thonje ali akapolo, na kuona nkhope ya mtsikana wa ku Harare pa ma window, atanyamula lupanga, chimakugwila penapake. TV inamupatsa malo amene mu buku anali a Andrea, kukhala mkazi wa Rick. A buku ena anang'ung'udza. Ise a kuno kumwela kwa Africa tinati mulamu, takulandilani.

Funso limene lili pa Senoia manje ni lakuti akufa akapita, amoyo azadya chani. Ma filimu atsopano ochokela mu nkhani iyi anasamuka. Ya Daryl anakajambulila ku France, kenaka ku Spain. Ya Negan na Maggie nkhani yake ili ku New York. Ma truck a studio amene anali kutseka mseu, ma extra mahandiledi amene anali kuphunzitsidwa kuyenda monga akufa na kupilila dzuwa la Georgia atamatidwa mphila ku nkhope, zonse zija zinali ndalama zolowa mu tauni mwezi na mwezi. Alendo akali kubwela, ma tour oyenda pa mapazi akaliko, ndipo pafupi pali tuma tauni twina, Grantville na Haralson, twamene natonso tunaonekela mu filimu. Koma wotsogolela alendo manje nthawi zambili amaloza pamalo na kukamba ati apa panali. Apa panali geti. Apa panali mpanda. Mwayi wa Senoia ni wakuti ndalama za ma zombie anamangila zinthu zokhalitsa, ma shop, malo odyela, nyumba, ndipo anthu osebenza ku Atlanta akusamukila kuja chifukwa ni kwabata. Ena mwa iwo filimu sanaitambe n'komwe.

Tili pafupi kunyamuka, msuweni ananiuza mwamene buku linasilila, chifukwa anadziwa kuti njelwa zake zinayi sinizaziwelenga. Mu July 2019 anthu anagula nambala 193 osadziwa kuti ndiye yothela. Kirkman na Adlard anali atalengeza na ma cover abodza a 194 na 195 kuti munthu asanunkhize. Rick anali atafa kale mu nambala yapambuyo, osati na zombie, koma na mfuti ya mwana wa munthu wolemela, ali pa bedi. Mu buku lothela papita zaka zambili. Carl ni mdala wa banja, mkazi wake ni Sophia, ka mtsikana kaja kamene pa TV kanatuluka mu khola kali kakufa mu season 2. Dziko lakhazikika, njanji ikumangidwanso, ndipo akufa asowa kufika pakuti ana ena sanawaonepo. Ndiye mwana wa Glenn na Maggie, Hershel, wayamba bizinesi: ayenda tauni na tauni na ngolo, mkati muli akufa, anthu alipila kuti awaone. Mmodzi athawa, Carl amupha, ndipo Carl ndiye apita ku khoti, mlandu wa kuononga katundu wa mwine. Woweluza wamkulu ni Michonne.

Anakamba zimenezi tili kutsogolo kwa shop, pamene mai wina anali kukokela ka mwana kake pafupi na chidole cha zombie kuti akajambule, ka mwana kakulila, atate ake akuseka. Msuweni anagwedeza mutu ati waona, Kirkman anaiona Senoia. Kenaka anati nimuyembekeze pang'ono, analowanso mkati. Anatuluka na ka pulasitiki. Ninamulanda kuti nione: T-shirt ya Daryl, size ya mwana wake wamkazi. Ati iwe, usakambe kunyumba.